Kutsitsa webusaiti yonse n'kuisunga pa kompyuta: zimatheka bwanji, ndipo chimene mumatsala nacho n'chiyani?

Pa 1 Febuluwale 2025 webusaiti ya USAID, bungwe la boma la America limene linkathandiza pa za umoyo, ulimi ndi maphunziro kuno ku Malawi, inasiya kutseguka. Nkhokwe yake ya malipoti, yotchedwa Development Experience Clearinghouse, inapita nayo limodzi, ndipo munali malipoti a zaka makumi angapo, ena onena za dziko lathu lino. M'masabata omwewo masamba ena a CDC, nthambi ya boma lomwelo yoona za matenda, anachotsedwanso. Anthu a m'malaibulale ndi ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana anayamba kukopera mothamanga chilichonse chimene chinali chikadatseguka.

Kuno ku Mzuzu chifukwa chofunira kusunga webusaiti sichichita kuyembekeza ndale za ku Washington. Bandulo imatha, netiweki imagwa, magetsi amazima. Wophunzira wa ku Mzuni ku Luwinga, mphunzitsi wa sekondale ku Katoto, namwino amene akutumizidwa kuchipatala cha kumudzi kumene foni imagwira pokhapokha utakwera pachulu, onsewa ali ndi funso limodzi: kodi sindingatsitse webusaiti yonse ndili pa Wi-Fi, n'kumakaiwerenga kunyumba popanda intaneti?

Zimatheka. Mapulogalamu ake alipo, ndi aulere, ndipo ena ndi akale kuposa Facebook. Koma ambiri amene amayesa amakhumudwa, chifukwa chimene chimafika mu laputopu si webusaiti yeniyeniyo. Ndi zimene webusaitiyo inavomera kuonetsa pa tsiku ndi ola limene munaikopera.

Webusaiti imakhala kuti?

Webusaiti ndi mafayilo amene ali pa kompyuta ina yotchedwa seva, imene imakhala yoyaka usana ndi usiku, nthawi zambiri kunja kwa dziko lino. Tsamba limodzi limene mumaliona pa foni silikhala fayilo imodzi. Pali fayilo ya HTML yokhala ndi mawu, ya CSS yonena za mitundu ndi kayalidwe, zithunzi chilichonse pachokha, ndiponso timapulogalamu ta JavaScript. Chrome kapena Firefox imaitanitsa zidutswa zonsezi n'kuzilumikiza pamaso panu. Choncho aliyense wotsegula tsamba watsitsa kale tsambalo, kungoti foni simalisunga mwadongosolo loti mudzalipezenso.

Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Tim Berners-Lee ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi amene ali pafupi ndi Geneva. Maganizo ake anawalemba mu 1989 ndipo webusaiti yoyamba inadziwika kwa anthu akunja mu 1991. Pamene a CERN anafuna kuibwezeretsa mu 2013, anagwiritsa ntchito kope la mu 1992. Ndiye kuti vuto losunga masamba linabadwa pamodzi ndi masambawo.

Apa tisiyanitse zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza. Screenshot ndi chithunzi chabe, malinki ake sadinika. Kusunga tsamba ndi Ctrl+S, kapena kudina kamuvi kotsitsira mu Chrome ya pa foni, kumakupatsani tsamba limodzi lokhalo. Kutsitsa webusaiti yonse ndi kutenga masamba mazana kapena masauzande pamodzi ndi malinki amene amawalumikiza, kuti mukadina linki tsamba lina litseguke kuchokera mu kompyuta yanu yomweyo.

Pulogalamu yotsata malinki

Ntchitoyi imagwiridwa ndi mtundu wa pulogalamu wotchedwa crawler. Mumaipatsa adiresi imodzi. Imatsitsa tsambalo, kuliwerenga, kulemba malinki onse amene yapezamo, kenako kutsitsa tsamba la linki iliyonse n'kuchitanso chimodzimodzi. Google imapeza masamba m'njira yomweyi, kusiyana kwake ndi kukula basi. Pomaliza pamabwera ntchito imene imapangitsa kuti kope liwerengeke: pulogalamuyo imasintha linki iliyonse kuti isamalozenso ku seva yakutali koma ku fayilo ya mu foda yanu.

Mayina awiri ndiwo amamveka kwambiri. Wget inalembedwa ndi Hrvoje Nikšić wa ku Croatia ndipo inatuluka ndi dzinali mu 1996. Ilibe mabatani, mumachita kulemba malamulo. Lamulo la --mirror limaiuza kuti ikope zonse, --convert-links kuti ikonze malinki, --page-requisites kuti itenge zithunzi ndi CSS, --no-parent kuti isakwere kupitirira foda imene mwaipatsa. Inapangidwa m'nthawi imene intaneti inkadukaduka ngakhale ku Ulaya, n'chifukwa chake imadziwa kupitiriza pomwe inalekera. Khalidwe limeneli ndi lamtengo wapatali kwa munthu wa ku Chibavi amene netiweki yamuthawa fayilo ili pakati.

HTTrack inalembedwa ndi Xavier Roche wa ku France ndipo inatuluka mu 1998. Pa Windows imatchedwa WinHTTrack, pa Linux WebHTTrack. Iyi ili ndi mawindo ndi mabatani: mumapatsa ntchitoyo dzina, kusankha foda, kuika adiresi, n'kudina. Imathanso kubwerera ku webusaiti imene munaikopera kale n'kutenga zokhazo zimene zasintha. Kwa woyamba kumene HTTrack ndiyo yosavuta. Kwa amene akufuna kuti kompyuta izikopera yokha usiku uliwonse, Wget ndiyo imamvera bwino.

Chimene chimawononga bandulo ya anthu ambiri ndi kuiwala kuika malire. Pali malire a kuya, kutanthauza kuti pulogalamu idine malinki kangati kuchokera pa tsamba loyamba. Ngati tsamba lililonse lili ndi malinki atsopano 20, gawo loyamba ndi masamba 20, lachiwiri 400, lachitatu 8,000. Pali malire a dera: ikhale m'webusaiti yomweyo kapena itsate malinki opita kwina? Mukailola kutuluka, pofika mawa idzakhala ikutsitsa zinthu zimene simunazilote n'komwe. Palinso misampha. Kalendala ya pa webusaiti imakhala ndi linki ya “mwezi wotsatira”, ndipo miyezi siitha. Pulogalamu yopanda malire imatha kuyenda mpaka chaka cha 3000, tsamba ndi tsamba, bandulo ikupsa.

Za kulemera kwake, tsamba wamba la masiku ano limafika 2 MB kapena kuposa. Masamba 1,000 angaoneke ngati 2 GB, ngakhale kuti nthawi zambiri zimachepa chifukwa CSS ndi zithunzi zobwerezabwereza zimatsitsidwa kamodzi. Mafayilo a PDF ndi mavidiyo ndiwo amatupitsa. Mapulogalamu onse awiri amalola kuwauza kuti atenge mtundu wakuti wokha, kapena asiye fayilo yoposa mlingo wakuti. Amene akufuna malipoti okha angachite bwino kupempha ma PDF okhawo.

Masamba okonzeratu ndi masamba ophikidwa pomwepo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mumsika wa Mzuzu, wogulitsa mandasi amakhala nawo kale m'beseni. Mukakhala ndi ndalama mutha kugula beseni lonse n'kupita nalo. Wokazinga chipisi pa chiwaya ndi wina: amakonza mbale yanu mukaitanitsa, ndi mchere ndi tsabola monga mwanenera, ndipo chimene mumanyamula ndi mbale imodzi, chiwaya chimatsala. Mawebusaiti aliponso a mitundu iwiri imeneyi.

A mtundu woyamba, masamba ake ndi mafayilo okonzeratu amene amangodikira pa seva. M'zaka za m'ma 1990, pamene Wget ndi HTTrack zinkalembedwa, ambiri anali otere, ndipo mpaka lero otere amakopeka bwino kwambiri: mabuku a malangizo, zolemba za aphunzitsi, mawebusaiti ang'onoang'ono a mabungwe.

A mtundu wachiwiri alibe masamba odikira. Ali ndi nkhokwe ya zinthu, imene akatswiri amaitcha database, ndi pulogalamu imene imapanga tsamba nthawi yomwe mwalipempha. Facebook ndi yotere. Anthu awiri okhala pa benchi imodzi saona tsamba lofanana. Portal ya ophunzira yoonetsa zotsatira za mayeso ndi yotere, chimodzimodzinso webusaiti ya banki. Crawler imangolandira mbale zimene yapatsidwa. Database ndi pulogalamu ya pa seva siziona n'komwe. N'chifukwa chake mu kope lanu bokosi lofufuzira silipeza kanthu, fomu situmizika, ndipo polowera ndi pasiwedi sipatseguka.

Mawebusaiti ambiri a nyuzipepala ali pakatikati. Amayendera mapulogalamu monga WordPress, amene amapanga tsamba pomwepo, komabe nkhani iliyonse ili ndi adiresi yake ndipo aliyense amaiona mofanana. Nkhani zotere zimakopeka. Chimene chimatayika ndi kufufuza ndi zina zodalira seva.

Vuto lakula ndi JavaScript. Mawebusaiti ambiri atsopano amatumiza kaye chigoba chopanda mawu, kenako JavaScript n'kumakoka nkhani mukamatsitsa chala pa sikirini. Wget ndi HTTrack siziyendetsa JavaScript monga imachitira Chrome, ndiye zimasunga chigobacho. Munthu amatsegula kope lake kunyumba n'kupeza tsamba loyera, n'kuganiza kuti walakwitsa penapake, pamene pulogalamu yachita zonse zimene imatha. Pofuna kuthana ndi zimenezi, gulu la Webrecorder, loyambitsidwa ndi Ilya Kreymer, linapanga ArchiveWeb.page ndi Browsertrix, zimene zimagwiritsa ntchito browser yeniyeni, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, n'kujambula chilichonse chodutsa pakati pa iyo ndi seva. Zotsatira zake zimafanana kwambiri ndi webusaiti yamoyo, koma zimachedwa ndipo zimafuna kompyuta yamphamvuko.

Zimene ena anapakira kale

Ambiri amene amafunsa za HTTrack, mukawafunsitsa, chimene akufuna ndi Wikipedia, mabuku kapena maphunziro. Pamenepa crawler si chida choyenera, ndipo eni Wikipedia amapempha anthu kuti asaikope motero poti amapereka okha mafayilo ake athunthu.

Kiwix, imene Emmanuel Engelhart ndi Renaud Gaudin anaiyambitsa mu 2007, inabwera kudzathetsa vuto limeneli. Imawerenga mafayilo a mtundu wa ZIM, mmene webusaiti yonse imapanikizidwa kukhala fayilo imodzi yokhala ndi chofufuzira chake. Wikipedia ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi imalemera pafupifupi 100 GB, koma ilipo yopanda zithunzi ndiponso ya zigawo, monga ya zachipatala zokha, imene imakwana pa memori khadi ya foni. Wikipedia ya Chichewa ndi ya Chitumbuka ndi zazing'ono kwambiri poyerekeza ndi ya Chingerezi, imene ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, moti kuzitsitsa si nkhani. Mabuku akale a Project Gutenberg aliponso. Munthu mmodzi akatsitsa, ena onse amangokopera pa fulashi, ndipo kope lililonse limakhala lathunthu. A Kiwix alinso ndi chida chotchedwa Zimit chosandutsa webusaiti ina kukhala fayilo ya ZIM.

Pa sukulu, fayilo yotere imaikidwa pa kakompyuta kotchipa monga Raspberry Pi, kamene kamaulutsa Wi-Fi yakeyake. Ana amalumikiza mafoni kapena matabuleti n'kumawerenga ngati ali pa intaneti, koma palibe bandulo imene ikudyeka. RACHEL ya bungwe la World Possible ndi Kolibri ya Learning Equality zimayenda m'njira yoteroyo.

Choyenera kukumbukira ndi tsiku. Fayilo ya ZIM imakhala ndi mwezi ndi chaka m'dzina lake, ndipo imeneyi ndi nzeru yabwino imene wokopera aliyense angatengere. Masamu a Fomu 3 sasintha chaka ndi chaka. Malangizo a mankhwala, mitengo ya misonkho ndi malamulo zimasintha, ndipo kope silikuuzani kuti lakalamba; limatseguka mokongola ngati tsiku loyamba.

Kukopera kuti muwerenge ndi kukopera kuti musunge mbiri

Ziwirizi zimaoneka ngati chinthu chimodzi koma si choncho. HTTrack imasintha malinki ndi mayina a mafayilo kuti muwerenge mosavuta, ndiye kope lake silifanana ndendende ndi chimene seva inatumiza. Osunga mbiri amafuna chosasinthidwa, chokhala ndi tsiku ndi nthawi. Amagwiritsa ntchito mtundu wa fayilo wotchedwa WARC, umene unavomerezedwa ngati muyezo wa ISO 28500 mu 2009. Wget nayo imatha kulemba WARC mukaiuza.

Wamkulu pa ntchitoyi ndi Internet Archive ya ku San Francisco, imene Brewster Kahle anaiyambitsa mu 1996. Wayback Machine yake, yoonetsa makope akale a masamba, inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2001, ndipo aliyense, ngakhale ali ku Mchengautuwa, angaike adiresi pa Save Page Now kuti tsamba lisungidwe. Kufunika kwake kunaoneka mu 2009 pamene Yahoo inatseka GeoCities, mmene anthu wamba mamiliyoni anamangamo masamba awo. Gulu la odzipereka la Archive Team, lotsogozedwa ndi Jason Scott, linapulumutsako gawo lalikulu lisanafafanizidwe. Kafukufuku wa Pew Research Center wa mu 2024 anapeza kuti masamba 38 pa 100 alionse amene analipo mu 2013 sankatsegukanso patatha zaka khumi.

Anthu a mu mzinda uno sachita kuuzidwa kuti nkhokwe ya pamalo amodzi imatha usiku umodzi. Mu Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000. Koma kusunga pa kompyuta nakonso kuli ndi ngozi zake. Internet Archive yomweyo inathyoledwa ndi akuba a pa intaneti mu Okutobala 2024 ndipo inakhala masiku angapo yosatseguka. Hard drive imafa, fulashi imasowa kapena kugwidwa ndi vairasi. Osunga zinthu amatsata lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina kutali.

Mwini webusaiti akuti bwanji?

Munthu amawerenga tsamba limodzi kwa mphindi zingapo. Crawler imatha kupempha masamba ambirimbiri pa sekondi imodzi. Kwa Google izi si kanthu, koma webusaiti ya sukulu kapena ya bungwe laling'ono, imene imalipira malo otchipa pa seva, itha kufooka kapena kugwa. Ndiye pali malamulo ochepetsa liwiro a --wait ndi --limit-rate mu Wget, ndipo HTTrack ili ndi malire a liwiro ndi a chiwerengero cha malumikizidwe. Wothamanga kwambiri amatsekeredwa kunja, nthawi zina pamodzi ndi onse amene akugwiritsa ntchito Wi-Fi imodzi ndi iye.

Mu 1994 Martijn Koster anayambitsa kafayilo kotchedwa robots.txt, mmene mwini webusaiti amalemba malo amene mapulogalamu otere asalowe. Kwa zaka zambiri unali mgwirizano wapakamwa chabe mpaka unalembedwa ngati muyezo wa RFC 9309 mu 2022. Si loko, ndi pempho. Wget ndi HTTrack zimalimvera, kupatula ngati mwini kompyuta wazilamula kuti zisamvere. Posachedwapa eni mawebusaiti aumitsa mtima chifukwa cha makampani a AI amene amakokolola masamba ochuluka zedi. Wikimedia Foundation, imene imayendetsa Wikipedia, inanena mu Epulo 2025 kuti katundu wa zithunzi ndi mavidiyo otsitsidwa pa maseva ake anakwera ndi 50 peresenti kuchokera Januwale 2024, makamaka chifukwa cha mapulogalamu oterewa. Zotchinga zimene zikuikidwa pofuna kuletsa makampaniwo zimagwiranso wophunzira amene akufuna masamba 200 okha.

Kumbali ya malamulo, pulogalamu payokha si mlandu. Nkhani imagona pa chimene mwakopera ndi chimene mwachita nacho. Copyright Act ya 2016, imene COSOMA imayang'anira, imateteza zolemba ndi zithunzi ngakhale zili poyera pa intaneti. Imapereka mpata wina pa kugwiritsa ntchito kwa munthu payekha ndi pa maphunziro, koma mpatawo uli ndi malire, ndipo kugulitsa kope kapena kuliikanso pa intaneti ngati lanu ndi nkhani ina. Wikipedia ndi yosiyana chifukwa chilolezo chake cha Creative Commons chimalola kugawa, bola mutchule kumene zachokera n'kusunga chilolezo chomwecho. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kulowa m'kompyuta ya eni popanda chilolezo, ndipo Data Protection Act ya 2024 imakhudza amene akusonkhanitsa mayina, manambala a foni ndi zina za anthu. Palinso achinyengo amene amakopa maonekedwe a webusaiti ya banki ndi zida zomwezi kuti azibera anthu mapasiwedi.

Mlandu umene umatchulidwa kwambiri ndi wa Aaron Swartz, amene anatsitsa nkhani za kafukufuku pafupifupi 4.8 miliyoni kuchokera ku JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti ya magazini a kafukufuku, kudzera pa netiweki ya yunivesite ya MIT ku America, n'kumangidwa mu Januwale 2011. Anamwalira mu Januwale 2013 mlandu usanazengedwe. Ena amamuona ngati womenyera ufulu wa chidziwitso amene boma linamupanikiza mopyola muyezo. Ena amati anadutsa zotchinga zimene ankadziwa kuti zaikidwa dala. Kwa wophunzira wa kuno, chofunika kudziwa n'chakuti magazini a kafukufuku amene laibulale ya koleji imalembetsa amabwera ndi mgwirizano woletsa kutsitsa mwachisawawa ndi mapulogalamu, ndipo munthu mmodzi atha kutsekeretsa sukulu yonse.

Zimene sizinayankhidwe

Printed Publications Act imafuna kuti wosindikiza buku m'Malawi apereke kope ku National Archives ku Zomba. Lamulolo linalembedwa poganizira pepala. Britain inakulitsa lamulo lake lotere mu 2013 kuti malaibulale ake akuluakulu azikopera mawebusaiti a m'dzikomo. Kwathu kuno, masamba a .mw, nkhani za manyuzipepala a pa intaneti ndi zilengezo za maunduna ayenera kusunga ndani: National Archives, National Library Service, mayunivesite, kapena tipitirize kudalira bungwe la ku San Francisco? Ndipo ndalama za maseva ndi magetsi ake zichokera kuti?

Funso lachiwiri ndi lovutirapo. Zambiri zimene Amalawi amalemba, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, sizili pa mawebusaiti okopeka. Zili pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok, kumene crawler wamba silowa ndipo malamulo a makampaniwo amaletsa. Wodzafufuza mbiri ya Mzuzu wa lero adzazipeza kuti?

Palinso kukokana pakati pa kusunga ndi kuiwala. Nyuzipepala ikachotsa nkhani chifukwa inali yolakwika kapena inaipitsa dzina la munthu wosalakwa, makope amene ali m'malaputopu a anthu sachotseka. Nduna ikachotsa lonjezo limene inalemba, makope omwewo ndiwo umboni. Pulogalamu siisiyanitsa ziwirizi, ndipo sipanapezeke mgwirizano wa amene ayenera kusiyanitsa.

Pomaliza, eni mawebusaiti akamapitiriza kumanga mipanda poopa makampani a AI, kodi padzatsala khomo la laibulale, la mphunzitsi wa ku Ekwendeni kapena Nkhata Bay amene akufuna kope la ana ake, kapena onse adzayesedwa ndi muyezo umodzi?